Mafuwa Atatu: Mbiri ya Mmene Thupi Limaululira Mdani Wobisala

Nkhani ya lero ndi ya mbiri, koma ikukhudza khadi lanu la kuchipatala. Mukamva anamwino akunena za CD4, kapena mukamva kuti kachilombo ka HIV kamabisala m'thupi, mwina mumadzifunsa kuti kamabisala pati, nanga thupi limakaona bwanji. Funso limeneli linavutitsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 50. Khalani pansi, werengani mosathamanga, tione mmene analiyankhira.

Thupi lanu lili ngati mudzi waukulu wa tinyumba tating'onoting'ono totchedwa maselo. Kachilombo ka mtundu wa vayirasi, monga ka chimfine, ka chikuku kapena ka HIV, sikachedwa panja. Kamalowa m'kati mwa selo n'kuyamba kuberekana momwemo. Asilikali a chitetezo, amene ndi maselo oyera a m'magazi, amayenda panja m'njira za m'mudzimo. Sangalowe m'nyumba iliyonse kukavundukula mphasa. Ndiye adziwa bwanji kuti m'nyumba umu muli wakuba, umo mulibe?

Yankho lake ndi ili. Selo limaika timbale pakhomo pake, ndipo m'kambale kalikonse limaikamo kachidutswa ka zimene zikupangidwa m'nyumbamo. Msilikali akamadutsa amayang'ana m'kambale. Akaona kachidutswa ka mwini nyumba, amapitirira. Akaona kachidutswa ka mlendo, amaphwanya nyumbayo pamodzi ndi wakubayo. Ndipo chimene ndikufuna musaiwale ndi ichi: kambale kameneka sikaima kopanda kanthu. Kachidutswa kakasowa, kambale kamaphwasuka. Mbiri yonse imene ikubwerayi ndi ya mmene anthu anafikira podziwa zimenezi.

Khungu lokana kugwira

Nkhaniyi inayambira kwa anthu opsa ndi moto. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zipatala za ku Britain zinkalandira anthu ambiri opsa. Madokotala ankatenga khungu la munthu wina n'kumata pa bala la wopsayo. Poyamba linkaoneka ngati lagwira, koma pakapita masiku linkada n'kufa. Khungu lochokera pa thupi la mwini wake lokha ndi limene linkakhala.

Mu mzinda wa Glasgow, dokotala Thomas Gibson ndi wofufuza Peter Medawar anatsatira bwino zimene zinachitikira mayi wina amene anapsa kwambiri. Anamumata tizikopa tochokera kwa mchimwene wake. Patapita masiku anamumatanso tina tochokera kwa mchimwene yemweyo. Tachiwirito tinafa msanga kuposa toyamba tija. Mu 1943 awiriwa analemba kuti thupi la mayiyo linali litaphunzira kuzindikira khungu lachilendolo, monga mmene thupi la munthu amene anadwalapo chikuku limachikumbukirira. Apa zinadziwika kuti wokana khungu ndi chitetezo cha m'thupi chomwe chija chimene chimalimbana ndi matenda.

Koma chitetezocho chimaona chiyani pa khungu la munthu wina? Zaka zingapo m'mbuyomo, mu 1936, Peter Gorer wa ku London anapeza chizindikiro china pa maselo a mbewa zowetera kafukufuku. Mbewa ziwiri zikasiyana chizindikiro chimenechi, chotupa chochotsedwa mwa ina n'kuikidwa mwa inzake chinkakanidwa. Ku America, ku Bar Harbor, George Snell anathera zaka zambiri akubereketsa mbewa mibadwo ndi mibadwo, kuti apeze mbewa zofanana pa zonse koma zosiyana pa malo amodzi okha a chibadwa. Mu 1947 moto unatentha nyumba ya kafukufukuyo ndi mbewa zambirimbiri. Snell anayambiranso. Iye ndi Gorer anaona kuti onse awiri ankasaka chinthu chimodzi, ndipo anachitcha H-2. Pambuyo pake gulu lonse la zizindikirozi linapatsidwa dzina lachidule lakuti MHC.

Mu Disembala 1954, ku Boston, dokotala Joseph Murray anatenga impso yochotsedwa mwa mnyamata wina n'kuiika mwa mbale wake. Impsoyo inagwira chifukwa awiriwo anali mapasa ofanana ndendende, zizindikiro zawo zinali chimodzimodzi.

Magazi a amayi obereka

Mwa anthu, woyamba kupeza chizindikiro chotere anali Jean Dausset wa ku Paris, mu 1958. Iye ankayang'ana magazi a odwala amene anawonjezeredwa magazi kambirimbiri. Anaona kuti madzi a magazi awo ankaunjika pamodzi maselo oyera a anthu ena, koma osati a anthu onse. M'nyengo yomweyo Jon van Rood wa ku Netherlands ndi Rose Payne wa ku America anapeza zofanana mwa amayi amene anaberekapo ana angapo. Mwana amatenga theka la zizindikiro kwa mayi ake, theka kwa bambo ake. Ndiye thupi la mayi limaona theka la bambolo ngati lachilendo ndipo limalikumbukira. Magazi a amayi amenewa ndi amene anathandiza kusiyanitsa mitundu ya zizindikirozi. Mwa anthu zimatchedwa HLA.

Lero mitundu ya HLA yolembedwa ndi yoposa 30,000. N'chifukwa chake n'kovuta kupeza anthu awiri osakhala pachibale amene zizindikiro zawo zonse zikufanana. Ngakhale ana a mimba imodzi, mwayi woti awiri afanane ndi umodzi pa inayi. Mu 1980 Snell, Dausset ndi Baruj Benacerraf analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Komatu panatsala funso lovuta. Makolo athu sankasinthana impso kapena khungu. Mbewa za kutchire sizimatana zikopa. Nanga thupi linakhaliranji ndi zizindikiro zimenezi? Ntchito yake yeniyeni ya tsiku ndi tsiku ndi yotani?

Zimene zinaoneka ku Canberra

Yankho linachokera ku Australia, mu mzinda wa Canberra, kwa anyamata awiri: Rolf Zinkernagel, dokotala wa ku Switzerland, ndi Peter Doherty, dokotala wa ziweto. Anapatsira mbewa vayirasi ina yotupitsa zokuta ubongo. Kenako anatenga asilikali a mbewazo, otchedwa maselo a T, n'kuwaika m'mbale pamodzi ndi maselo ogwidwa ndi vayirasi yomweyo. Maselo odwalawo akakhala a mbewa ya chizindikiro chofanana, asilikali ankawapha. Akakhala a mbewa ya chizindikiro china, asilikali ankangowadutsa, ngakhale kuti vayirasi inali yomweyo.

Mu 1974 analengeza kuti msilikali wa T sazindikira kachilombo pakokha. Amayenera kuona zinthu ziwiri nthawi imodzi: chizindikiro cha mwini thupi ndi chinachake cha mlendo. Anthu ambiri anadabwa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1996. Koma pa nthawiyo palibe amene ankadziwa mmene zinthu ziwirizo zimakhalira pamodzi.

Apa tifunika kudziwa mawu amodzi. Pafupifupi ntchito zonse za m'selo zimagwiridwa ndi mapuloteni. Puloteni ili ngati mkanda wautali wotungidwa pa ulusi, ndipo mikanda yake ilipo ya mitundu 20. Mukadula mkandawo n'kutenga kachigawo kakafupi, kachigawoko ophunzira amakatcha peptide. Ife tikatche kachidutswa.

Mu 1985 gulu la Emil Unanue, ku St. Louis ku America, linasonyeza kuti kachidutswa kakafupi kotere kamamatirira pa chizindikiro cha MHC. Mu 1986 Alain Townsend wa ku Oxford anasonyeza kuti asilikali opha maselo ogwidwa ndi chimfine amazindikira puloteni imene imakhala m'kati mwenimweni mwa kachilombo, imene siionekera kunja. Atapanga tizidutswa tatifupi ta puloteniyo n'kuthira pa maselo abwinobwino, asilikali anawapha ngati odwala. Apa zinamveka kuti selo limadula mapuloteni a m'kati mwake n'kutulutsa tizidutswa panja kuti tioneke.

Chithunzi cha 1987

Kumva ndi kwina, kuona ndi kwina. Pa yunivesite ya Harvard, mtsikana wina wophunzira, Pamela Bjorkman, anayamba ntchito yofuna kujambula maonekedwe a chizindikiro chotchedwa HLA-A2, chomwe chija Dausset anapeza poyamba. Ankagwira ntchito ndi Don Wiley ndi Jack Strominger. Puloteni ndi yaing'ono koti ngakhale makina oonera tizilombo a kuchipatala sangaione. Ankayenera kuiumitsa kuti ikhale ngati timiyala ta mchere, kenako kuwalitsapo kuwala kwa X-ray n'kuwerengera mmene kuwalako kwabalalikira. Ntchitoyi inamutengera zaka pafupifupi 8. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chithunzicho chinatuluka mu Okutobala 1987. Inu amene mumalima, ganizirani mizere iwiri ya m'munda yoyandikana, pakati pake pali khwawa. Pamwamba pa chizindikirocho panali potero: mizere iwiri, pansi pake poyala bwino, pakati khwawa lalifupi lotsekeka uku ndi uku. Kameneka ndiye kambale kaja. Ndipo m'khwawamo munali kanthu. Ofufuzawo sanaikemo kalikonse, anali atatsuka puloteniyo mobwerezabwereza, koma kanthuko sikanachoke. Tinali tizidutswa tosiyanasiyana timene timbaleto tinanyamula kuchokera m'maselo. Zinthu ziwiri za ku Canberra zija zinaoneka pamodzi: kambale ndi ka mwini thupi, kachidutswa kangakhale ka mlendo, ndipo msilikali amakhudza zonse ziwiri nthawi imodzi.

Chithunzicho chinasonyezanso kuti kambale kali ndi mbali ziwiri. Pali puloteni yaikulu imene ili ndi khwawa, yozikika pa khungu la selo. Pali ina yaing'ono yochirikiza pansi, yotchedwa beta-2 microglobulin. Kachidutswa ndi kachitatu. Funso linatsala lakuti, kodi kachitatuka ndi katundu wongonyamulidwa, kapena nako n'kofunika kuti kambale kaime?

Timbale totuluka pozizira

Yankho linachokera kwa maselo olumala. Ku Stockholm, ku Sweden, Klas Kärre ndi wophunzira wake Hans-Gustaf Ljunggren anali ndi maselo a khansa ya mbewa amene anawatcha RMA-S. Maselowa ankapanga puloteni yaikulu ija, ankapanganso yaing'ono ija, koma pakhomo pawo timbale tinali tochepa kwambiri. Zipangizo zilipo, timbale kulibe. Chavuta n'chiyani?

Mu 1989 Townsend pamodzi ndi gulu la ku Stockholm anathira tizidutswa ta kachilombo ka chimfine pa maselo olumalawa. Timbale tinachuluka pakhomo. Si kachidutswa kalikonse kamene kankachita zimenezi, koma kokhako koyenerana ndi khwawa la mtundu umenewo.

Chaka chotsatira, mu 1990, Ljunggren ndi Kärre pamodzi ndi gulu la Hidde Ploegh la ku Amsterdam anayesa chinthu chapafupi. Thupi la munthu ndi la mbewa limatentha pafupifupi madigiri 37, ndipo maselo a m'mbale amasungidwa pa kutentha komweko. Iwo anatsitsa kutenthako kufika pa 26. Kwa munthu wa mu mzinda wa Tete, 26 ndi tsiku lopumirako, koma kwa selo ndi chisanu. Pa 26 timbale topanda kanthu tinatuluka tambiri n'kuima pakhomo. Atabwezera maselowo pa 37, timbaleto tinaphwasuka posakhalitsa. Koma akayamba athira kachidutswa koyenera, kambale kankalimba, osaphwasuka ngakhale pa 37.

Amayi, mukudziwa za mafuwa. Ikani mafuwa awiri, tsamiritsani mphika mosamala, mwina uima pang'ono ngati palibe woukhudza. Koma sonkhezani moto, yambani kuvundula, mphika ugwa. Fuwa lachitatu likakhalapo, vundulani mmene mungathere. Puloteni yaikulu, puloteni yaing'ono ndi kachidutswa ndi mafuwa atatu. Kutentha kwa thupi kumagwedeza mapuloteni nthawi zonse ngati mthiko. Khwawa likakhala lopanda kanthu, mizere iwiri ija imagwedera, puloteni yaing'ono imachoka, selo limameza zotsalazo n'kuziphwanya. Kachidutswa kakagona m'khwawa, kamagwira mzere uwu ndi uwo, ndipo zonse zitatu zimamangana.

Mmene kambale kamapangidwira

Zaka zotsatira zinaulula njira yonse. M'kati mwa selo muli chigayo chaching'ono chotchedwa proteasome, chimene chimadula mapuloteni akale ndi owonongeka. Sichisankha. Chimadula a mwini thupi, ndipo ngati muli kachilombo chimadulanso a kachilomboko. Tizidutswato timayenera kulowa m'chipinda china mmene timbale timapangidwira. Mu 1990 magulu angapo a ofufuza anapeza chitseko cha chipindacho, chotchedwa TAP. Kenako zinadziwika kuti maselo a RMA-S aja chitseko chawo chinali chowonongeka. Tizidutswa sitinkalowa, timbale tinkasowa fuwa lachitatu.

Mu 1991, ku Tübingen ku Germany, Hans-Georg Rammensee, Kirsten Falk ndi Olaf Rötzschke anasukuluza tizidutswa kuchoka m'timbale n'kutiwerenga. Anapeza kuti tambiri tili ndi mikanda 8 kapena 9. Anapezanso kuti pansi pa khwawa pali timaenje, ndipo mikanda iwiri ya kachidutswa, kawirikawiri wachiwiri ndi womaliza, imayenera kulowa bwino m'timaenjeto ngati zikhomo. Mtundu uliwonse wa HLA uli ndi timaenje takewake. Kachidutswa kamene kamakhala bwino m'kambale ka inu mwina sikangakhale m'kambale ka mnansi wanu.

Mu 1996 gulu la Peter Cresswell ku yunivesite ya Yale linafotokoza puloteni ina yotchedwa tapasin. Imeneyi imagwira kambale katsopano pafupi ndi chitseko, ngati mayi wogwirizira mphika pamene mwana akusaka mwala woyenera. Kachidutswa kogwedera kakalowa, kamachotsedwa, kena kamayesedwa. Kakapezeka kogwira zolimba, m'pamene kambale kamamasulidwa kupita pakhomo, ndipo kangathe kukhala pamenepo maola ambiri kudikira msilikali.

Mwina mukufunsa kuti phindu la zonsezi n'chiyani. Taganizani zikanakhala kuti timbale topanda kanthu timaima pakhomo. Kachidutswa kalikonse koyandama m'magazi kakanagweramo. Selo labwinobwino likanaoneka ngati lodwala, asilikali akanapha wosalakwa. Chifukwa chakuti kambale kopanda kanthu sikakhalitsa, zimene msilikali amaona pakhomo zimakhala umboni wa zimene zili m'nyumbamo. Ndipo chifukwa kachidutswa kogwira zolimba ndiko kamakhalitsa, uthenga sufufutika msilikali asanafike.

Zimenezi zinaonekanso mwa anthu. Mu 1994 madokotala a ku France analemba za ana awiri a banja limodzi lochokera ku Morocco amene anabadwa ndi chitseko cha TAP chowonongeka. Maselo awo anali ndi timbale tochepa kwambiri, ndipo ankadwaladwala matenda a m'mphuno ndi m'mapapo.

Nanga CD4 ikubwera pati?

Timbale timene tafotokozati ndi ta gulu loyamba. Timapezeka pafupifupi pa selo lililonse la thupi, ndipo asilikali amene amatiyang'ana ndi a CD8, opha. Pali gulu lachiwiri la timbale, limene limapezeka pa maselo ochepa okha, amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo topezeka panja, kutidula, n'kupita kukaonetsa zidutswa zake m'timitsempha ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, tomwe tija timatupa mukadwala. Chithunzi cha gulu lachiwirili chinatuluka mu 1993. Khwawa lake ndi lotseguka mbali zonse ziwiri, choncho limanyamula tizidutswa totalikirapo.

Lamulo la mafuwa limagwiranso ntchito pano. Kambale ka gulu lachiwiri kakamapangidwa, selo limaikamo kachidutswa kongogwirizira malo kuti khwawa lisakhale lopanda kanthu. Kakafika kumene kuli zidutswa za tizilombo, puloteni yotchedwa HLA-DM imachotsa kogwirizirako n'kuthandiza kuti kalowe kachidutswa kogwira zolimba.

Amene amawerenga timbale ta gulu lachiwiri ndi maselo a CD4. Iwowa ali ngati nyakwawa imene imamva uthenga n'kuitana mudzi wonse. Amalimbikitsa a CD8, amauzanso maselo ena kuti apange zida zoyenda m'magazi. Katemera amene mwana wanu amalandira amadalira njira yomweyi: zidutswa za mdani zimaonetsedwa m'timbale mdani weniweni asanafike, asilikali n'kuzikumbukira. Ndi mmene amagwirira katemera wa chikuku, ndi mmenenso amagwirira wa malungo, amene anayesedwa kwa ana a ku Manhiça zotsatira zake n'kutuluka mu 2004, ndipo mtundu wake wina unayamba kuperekedwa ku Zambézia mu Ogasiti 2024.

Munthu wathanzi amakhala ndi maselo a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 pa kadontho koyezera ka magazi. Kachilombo ka HIV kamalowa m'maselo a CD4 omwewa n'kuwawononga. Akatsika kufika pansi pa 200, timbale tingaonetse uthenga koma woitana mudzi wachepa mphamvu. M'pamene TB ndi matenda ena amalowa mosavuta.

Machenjera a HIV

Tizilombo natonso tinaphunzira kulimbana ndi timbale. Kachilombo ka herpes, koyambitsa timatuza pamilomo, kali ndi puloteni yotseka chitseko cha TAP, ndipo timbale timasowa fuwa lachitatu. HIV ili ndi njira ziwiri. Mu 1996 ofufuza a ku Paris anasonyeza kuti puloteni yake yotchedwa Nef imakoka timbale kuchoka pakhomo n'kutibwezera m'kati. Koma sichotsa tonse. Kärre uja anali atasonyeza kale kuti pali asilikali ena, otchedwa NK, amene amapha selo limene pakhomo pake palibe timbale, monga mmene mlonda amakayikira nyumba yotseka mawindo usana. Ndiye Nef imachotsa timbale ta HLA-A ndi HLA-B, n'kusiya tina kuti alonda a NK asakayike.

Njira yachiwiri ndi kusintha mikanda. HIV imaberekana mofulumira ndipo imalakwitsalakwitsa pokopera chibadwa chake. Mkanda wa chikhomo uja ukasintha, kachidutswa sikakhalanso m'khwawa, ndipo msilikali sakaonanso. Mu 1997 Philip Goulder ndi anzake ku Oxford analemba za odwala amene chitetezo chawo chinagwira kachilomboka kwa zaka zambiri kudzera pa kachidutswa kamodzi. Mkanda umodzi utasintha, kachidutswako kanaleka kugwira, ndipo matenda anakula.

Kuno kum'mwera kwa Africa nkhaniyi inafufuzidwanso. Mu 2004 kafukufuku wa ku Durban, ku South Africa, anasonyeza kuti mtundu wa HLA-B umene munthu ali nawo umakhudza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi ake ngati sakumwa mankhwala. Anthu a mtundu wa B*57 ndi B*58:01 ankakhala ndi kachilombo kochepa. A mtundu wa B*58:02 ankakhala nako kochuluka. Mitundu iwiri yomalizayi imasiyana mikanda itatu yokha. Timbale tothandizati timagwira zidutswa za mbali ya kachilombo imene ikasintha, kachilomboko kamafooka. Ku Gambia nakonso, mu 1991, Adrian Hill ndi anzake anapeza kuti ana a mtundu wa HLA-B53 sankagwidwa kawirikawiri ndi malungo aakulu.

Zimene mbiriyi ikukuuzani inu

Mumamva anthu m'mudzi akunena kuti uje ali ndi magazi amphamvu, anapezeka nako kalekale koma sadwala. Ena amatengera pamenepo n'kusiya mankhwala, amati nanenso thupi langa ndi lolimba. Mbiri imene mwawerengayi ikutiuza kuti kusiyanako kulipodi, koma chimodzi mwa zifukwa zake zazikulu ndi timaenje ta m'khwawa timene munthu anabadwa nato. Sikuchokera ku mphamvu za kumunda, kukula thupi, kapena khalidwe labwino. Simungakuone pagalasi. Mchimwene wanu wa bere limodzi angakhale ndi timbale tosiyana ndi tanu. Anthu amene thupi lawo limagwira HIV palokha popanda mankhwala safika ngakhale mmodzi pa 100, ndipo ena mwa iwo kachilombo kamadzawapulumuka pakapita zaka, monga zinachitikira odwala a ku Oxford aja.

Chimodzimodzinso, amene wadwala msanga asanyozedwe kuti ndi wofooka kapena kuti analakwa kuposa ena. Sanasankhe timbale take, monga mmene inu simunasankhire kutalika kwanu.

Chimene tingasankhe ndi ichi. Kachilombo kamasintha mikanda yake pamene kakuberekana. Ma ARV amaletsa kuberekanako. Mukamamwa tsiku lililonse, kachilombo kamasowa mpata wosintha, maselo a CD4 amachulukanso, ndipo uthenga wa m'timbale umapeza womva. Mukadumphadumpha, mumakapatsa mpata wophunzira kuzemba asilikali ndi mankhwala omwe. Kuyambira mu 2016 dziko lathu la Mozambique linayamba ndondomeko yakuti munthu akapezeka ndi HIV ayambe TARV osadikira kuti CD4 itsike. Musadikire kuti thupi likuuzeni, chifukwa nkhondo ya m'maselo siimveka kuwawa kufikira itafika patali.

Ngati simunayezetse, pitani kuchipatala cha pafupi mukayezetse, ndipo tenganani ndi akunyumba kwanu. Ngati muli pa mankhwala, sungani tsiku lokatenga ena ndi tsiku loyezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Ngati munasiya, bwererani, anamwino akulandirani ndi kuona poyambira. Amayi oyembekezera, pitani kusikelo msanga. Tengani khadi la mwana muone ngati katemera wake yense wakwana, ndipo ngati pali malo osalembedwa, funsani activista wa m'dera lanu kapena anamwino tsiku la sikelo likubwerali.

Mukamaliza kuwerenga, patsirani kapepalaka mnzanu, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere.